Kodi Nyumba Ingadikire Chisa cha Mbalame?

Mwezi wa Okutobala ukafika, dzuwa litaswa mtengo, m'Chilomoni monse mumamveka phokoso la omanga. Kuyambira kumsika mpaka ku Nthukwa ndi ku Sigerege, kumene nyumba zakwera m'mbali mwa phiri la Michiru, anthu amakhala pa liwiro loti afolere mvula isanagwe. Wina akuwonjezera zipinda ziwiri za lendi kuseri kwa nyumba yake, wina akumanga khitchini, wina akukweza mpanda wa njerwa, winanso akukumba chimbudzi chatsopano. Koma nyengo yomweyo ndiyonso imene mbalame zambiri zimayamba kumanga, pakuti pamodzi ndi mvula pamadza tizilombo tochuluka todyetsa ana. Motero omanga awiri amakumana pa malo amodzi. Mmisiri akakwera pa nsanja kuti akhome mitengo ya denga, amapeza chisa chadothi cha namzeze chitamatidwa pansi pa bimu ya khonde. Mnyamata wotumidwa kudula mtengo wa mango umene waima pa mzere wa maziko, amapeza pumbwa atafungatira mazira pa mphanda. Wogwetsa khitchini yakale amapeza njiwa ili ndi maunda awiri osamera nthenga.

Kwa anthu ambiri pamenepa palibe mlandu. Chisa amachikankha ndi ndodo, mazira nasweka pansi, ntchito nipitirira. Tiana ta mbalame amapatsa ana kuti atiseweretse kufikira titafa. Ena ochepa mtima umawagunda, naima kaye osadziwa chochita, ali kuopa kuti anzawo awaseka. Tsono funso loyenera kulisinkhasinkha ndi ili: kodi munthu amene puloti ndi yake, njerwa ndi zake, ndalama ndi zake, ali ndi mangawa kwa kambalame kamene kamanga pa khoma lake kosapempha? Ngati ali nawo, mangawawo ayamba pati, ndipo athera pati? Nkhaniyi ioneka yaing'ono, koma makhalidwe a munthu amayesedwa kawirikawiri pa zinthu zimene palibe bwalo lozizenga, ndiponso palibe mboni yoziona.

Chimene chadzetsa mbalame pakhomo

Pa kalembera wa 1966 mzinda wa Blantyre udali ndi anthu pafupifupi 110,000. Pa kalembera wa 2018 adapezeka oposa 800,000. Onsewa adafuna pogona, ndipo pogona pawo padachokera m'thengo. Mitengo idagwa kuti papezeke malo, ina idagwa kuti iwotche mauvuni a njerwa, inanso idasanduka makala. Phiri la Ndirande, limene lidali lobiriwira ndi nkhalango, lidametedwa mpala m'zaka za m'ma 1990. Phiri la Michiru lidaikidwa kukhala malo otetezedwa m'chaka cha 1975, ndipo lidapirira nthawi yaitali kuposa anzake, komabe nkhwangwa sizidaleke kulidya m'mbali. Poona zimenezi, boma m'chaka cha 2018 lidakhazikitsa malamulo oletsa njerwa zootcha pa zomanga za boma ndi zamalonda. Ndipo omanga a ku Beehive, m'Chilomoni momwemo, adasonyeza kuti nyumba zazikulu zingamangidwe ndi njerwa za dothi losakaniza ndi simenti, zopanikizidwa ndi makina, zosafuna nkhuni.

Mbalame imene mtengo wake wagwa ili ndi njira ziwiri zokha, kuthawa kapena kuzolowera. Zambiri za m'nkhalango zidathawa, ndipo kulira kwake sikumvekanso. Zotsala ndi zija zidaphunzira kukhala pafupi ndi anthu: pumbwa, njiwa, namzeze, atchete, khwangwala, ndi mpheta zomanga m'mphepete mwa malata, zimene makolo ake adafika ku Durban pa zombo kalekale, nizifalikira kumpoto kufikira zitalowa m'Malawi m'zaka za m'ma 1960. Kwa mbalame zimenezi, mtengo wa mango kapena wa mapeyala wa kuseri kwa nyumba ndiyo nkhalango yotsala. Ndiponso kamangidwe ka anthu a m'tauni kamaziitana. Munthu wa malipiro ochepa samanga nyumba mwezi umodzi: chaka chino maziko, chaka chamawa khoma kufika pa mawindo, chaka chinacho bimu. Nyumba yotere imakhala zii miyezi yambiri, yopanda utsi, yopanda mphaka, ndipo mbalame imaiyesa phanga labwino. Mwini wake akabwera ndi malata amati mbalame yamulowerera. Koma mbalameyo, ikadakhala yolankhula, ikadayankha kuti idapeza malo opanda munthu.

Mbali ya womanga

Woweruza wachilungamo amamva mbali zonse, ndipo mbali ya womanga ili ndi mphamvu ndithu. Amene akumanga zipinda za lendi ku Chilomoni kawirikawiri sakhala wolemera. Mwina ndi mayi wamasiye amene akuyembekeza kuti lendi idzalipirira ana sukulu. Mwina ndi bambo wopuma pa ntchito amene waika penshoni yake yonse m'njerwa. Mwinanso ndalamazo adakongola ku banki m'khonde, ndipo chiongoladzanja chili kukwera mwezi ndi mwezi. Matumba a simenti akakhalitsa pa chinyontho amauma nasanduka mwala. Khoma losafolera likapezedwa ndi mvula ya Disembala limamwa madzi, ndipo ngati adalimangira dothi limatha kugwa. Mmisiri akaimitsidwa amapita kwa wina, osabweranso msanga. Akuluakulu adati zengerezu adalinda kwawukwawu, ndipo womanga aliyense amadziwa kuti mawuwa ngoona.

Kuwonjezera apo, munthu aposa mbalame, ndipo chimenechi Mpingo sudachikayikepo. Ambuye pophunzitsa za mpheta, m'mutu 10 wa Mateyo, adasonyeza zinthu ziwiri pamodzi: kuti Atate amasamala ngakhale imodzi ya izo, ndi kuti munthu ngwa mtengo woposa gulu lonse la mbalamezo. Katekisimu wa Mpingo wa Katolika wa 1992, pa ndime 2415 mpaka 2418, amalola munthu kugwiritsa ntchito nyama pa zosowa zake, nachenjezanso kuti nkosayenera kutayira nyama chuma chimene chikadathandiza anthu ovutika. Tsono amene anganene kuti ana asanu apitirize kugona m'chipinda chimodzi chodontha chaka china chathunthu kaamba ka mazira awiri, ameneyo wasokoneza dongosolo la zinthu. Mbalame nazo zili ndi zovuta zake. Zitosi zake zimadetsa khoma, zisa zakale zimasunga utitiri, udzu umene mpheta zimaunjika umatseka ngalande za madzi za padenga. Ndipo buku la Tobiti limasimba za munthu wolungama amene adachita khungu ndi zitosi za mpheta zogwa kuchokera pakhoma.

Mbali ya mbalame

Komatu kupambana chinthu sikupereka ufulu wochiyesa chachabe. Kholo liposa mwana m'nyumba, ndipo ukulu womwewo ndiwo umalisenzetsa udindo. Ndime zomwe zija za Katekisimu zimaphunzitsa kuti nyama nzolengedwa za Mulungu, kuti anthu ayenera kuzikomera mtima, ndi kuti kuzizunza kapena kuzipha popanda chifukwa chokwanira kumatsitsa ulemu wa munthu mwini. Mlandu wonse wa chisa wagona pa mawu amenewo a chifukwa chokwanira.

Ena amateteza mbalame poonetsa phindu lake, ndipo phindulo lilipodi. Namzeze amagwira tizilombo touluka kuyambira m'mawa mpaka madzulo. Mpheta, ngakhale zimadya mbewu, ana ake zimawalera ndi mbozi. Pumbwa amamwaza njere za nkhuyu ndi zipatso zina pa malo ometedwa. Dziko la China lidaphunzira zimenezi ndi misozi. M'chaka cha 1958 boma lidalamula kuti mpheta ziphedwe poti zimadya mpunga ndi tirigu. Anthu adaomba zitini ndi ng'oma kuti mbalame zisatere kufikira zitagwa ndi kutopa, naphwasula zisa, naswa mazira. Mpheta zitachepa, dzombe ndi tizilombo tina tidachuluka m'minda. Pofika 1960 lamulolo lidachotsedwa, koma chiwonongeko chake chidaonjezera, pamodzi ndi zolakwa zina za ulamuliro, njala yaikulu ya 1959 mpaka 1961 imene idapha anthu mamiliyoni ambiri.

Munthu wochenjera angayankhe kuti puloti imodzi si China, ndi kuti chisa chimodzi sichisintha kanthu. Powerenga masamu a tsiku limodzi, iye sanalakwe. Koma aliyense amene adakwera Ndirande ndi nkhwangwa adanenanso m'mtima kuti mtengo umodzi susintha kanthu. Anthu a ku Chilobwe, amene matope ndi miyala zidawatsikira kuchokera pa phiri la Soche pa namondwe wa Freddy m'mwezi wa Malichi 2023, adaona chimene mapiri ovulidwa angachite pa mvula yoopsa. Zoipa zambiri za m'mudzi zimaunjikidwa motero, ndi manja ambiri amene lililonse limadziyesa losalakwa.

Ngakhale zili choncho, phindu lokha silikwanira kukhala maziko, pakuti mbalame yopanda phindu looneka ikadatsala yopanda woiteteza. Chifukwa chozama chili m'malamulo a Mose. M'buku la Deuteronomo, mutu 22, ndime 6 ndi 7, muli lamulo la munthu wopeza chisa panjira: aloledwa kutenga ana kapena mazira, koma make ayenera kumlola apite. Lamuloli silinamize kuti munthu sadzakhudza konse chisa. Limangoika malire pa dzanja lake. Chodabwitsa nchakuti pa kalamulo kakang'ono kotere padalumikizidwa lonjezo la moyo wautali, lofanana ndi la lamulo lolemekeza atate ndi amayi. Maimonides, mphunzitsi wa Chiyuda amene adamwalira m'chaka cha 1204, adafotokoza kuti chisoni cha make poona ana ake akutengedwa chimapezeka mwa nyama monga mwa anthu, popeza sichichokera m'nzeru zowerenga koma m'chibadwa. Makolo a kuno adanena zofanana ndi mawu ochepa, pamene adati timba sachepa ndi mazira ake. Kambalame kamene munthu angakafumbate m'dzanja limodzi kali ndi nyumba, kali ndi ana, ndipo kamadziwa kuwalirira.

Thomas Aquinas Woyera, amene adamwalira m'chaka cha 1274, adaonjeza mfundo ina yokhudza munthu mwini: wozolowera nkhanza pa nyama amafulumira kuchita nkhanza kwa anthu anzake. Mtima suli ngati nyumba ya zipinda zotsekana, chipinda china cha mbalame, china cha anthu. Ndipo pamalo omanga sipasowa ana oonerera. Mwana amene aona atate ake akuponda mazira uku akuseka waphunzira tsiku lomwelo kuti chofooka chikaima pa njira ya wamphamvu chimangopondedwa. Phunziro limenelo adzalikumbukira atakula, pamene choima pa njira yake chidzakhala mlendi wochedwa kulipira kapena mlongo wamasiye wokhala pa puloti ya makolo.

Kuwerenga masiku

Ambiri amaphwasula chisa poganiza kuti kudikira kulibe mathero. Koma masiku a chisa ngowerengeka. Njiwa imaikira mazira awiri, niwafungatira masiku ngati 14, ndipo maunda amauluka patapita masabata awiri kapena atatu. Pumbwa amaikira awiri kapena atatu, nafungatira masabata awiri, ana nachoka patapita masabata ena awiri. Namzeze amafungatira masabata awiri ndi masiku ochepa, ana nakhala m'chisa masabata atatu kapena kuposerapo pang'ono. Ndiye kuti kuyambira dzira loyamba kufikira chisa chitatsala chopanda kanthu pamapita mwezi umodzi kapena masabata asanu kapena asanu ndi limodzi. Ndipo popeza womanga amachipeza kawirikawiri ntchitoyo ili pakati, zotsala zimakhala masiku 10 kapena 20. Mlendo ndi mame, adatero akuluakulu. Nyumba imene yadikira ndalama zaka zitatu mwini wake osadandaula, kodi ingagwe chifukwa chodikira chisa masabata awiri?

Ndiponso kudikira kumeneku sikufuna kuti manja apindidwe. Pa nyumba yomangidwa sipasowa ntchito ina. Mmisiri angathe kuyamba denga mbali inayo, kapena kuika mafelemu a zitseko, kapena kukonza pansi, kapena kukumba dzenje. Mbalame za m'tauni zidazolowera phokoso, ndipo zambiri zimapirira anthu ogwira ntchito chapatali pang'ono, malinga chisa chisagwedezedwe ndi njira ya makolo isatsekedwe. Akhristu a ku Ireland ali ndi nthano ya Kevin Woyera wa ku Glendalough, yakuti mbalame idamanga chisa m'dzanja lake ali kupemphera atatambasula mikono, ndipo iye sadalitsitse kufikira ana atauluka. Imeneyi ndi nthano, ndipo palibe womanga wa ku Chilomoni amene apemphedwa kuchita zotere. Chimene apemphedwa nchochepa kwambiri: kusintha mndandanda wa ntchito zake.

Kusowa ndi changu

Tsono yankho lagona pa kusiyanitsa zinthu zitatu zimene anthu amazisakaniza. Choyamba ndi kusowa kwenikweni. Khoma lang'ambika ndipo lifuna kugwera ana. Denga lasasuka ndi mphepo, banja lili kugona panja. Chimbudzi chagumuka m'nyengo ya dzinja. Aliyense wokumbukira kolera wa 2022 ndi 2023, amene adapha anthu oposa 1,700 m'Malawi, adziwa kuti chimbudzi sichidikira. Pamenepa munthu achotse chisa ndi mtima wopanda mlandu, pakuti moyo ndi thanzi la anthu zitsogola. Chofunika nchakuti achite msanga, mopanda masewera, ndipo tiana tosatha kupulumuka asatipereke m'manja mwa ana kuti tife pang'onopang'ono.

Chachiwiri ndi chitayiko choona koma chopiririka: lendi ya theka la mwezi ichedwa, mmisiri afuna kanthu kena kowonjezera. Apa palibe muyeso umodzi wokwanira anthu onse. Mayi wamasiye wokhala ndi ngongole, mitambo itayamba kale kuda, sangaweruzidwe mofanana ndi mwini nyumba zisanu amene akumanga yachisanu ndi chimodzi. Udindo wa chifundo umakula pamodzi ndi mphamvu ya munthu; amene angathe kutaya pang'ono osavutika ayembekezedwa kutero, ndipo amene sangathe asasenzetsedwe katundu ndi anzake okhala pamthunzi.

Chachitatu ndi changu chabe. Mpanda wokongoletsa umene ukadamangidwa mwezi wamawa, nthambi yodulidwa poti ikugwetsa masamba pa galimoto, chisa chogwetsedwa poti chikudetsa penti. Apa chifukwa chokwanira palibe, ndipo kuphwasula chisa chokhala ndi mazira kapena ana nkulakwa, ngakhale kulakwako kukhale kwakung'ono poyerekeza ndi kulakwira munthu. Choopsa nchakuti mtima wa munthu ngwochenjera podzinyenga, ndipo changu chake umafulumira kuchitcha kusowa. Wofuna kudziyesa moona adzifunse funso limodzi: mmisiri akadadwala malungo masabata awiri, kodi ntchitoyi ikadaonongeka? Ngati ikadatha kudikira malungo a mmisiri, ingathenso kudikira chisa.

Kadzidzi ndi nantchengwa

Pali mbalame ziwiri zimene anthu saziweruza ndi nzeru koma ndi mantha. Nantchengwa amamanga chisa chachikulu cha timitengo zikwi zingapo, chotambalala kuposa mita imodzi, cholimba kotero kuti munthu angaimepo. M'maiko ambiri a kuno kum'mwera kwa Africa akuluakulu ankaletsa kuchiphwasula, nati wochikhudza adzaona tsoka. Ndipo mantha amenewo adasunga zisa zambiri. Koma mantha omwewo ndiwo amaphetsa kadzidzi. Kadzidzi woyera nkhope amakonda nyumba zosatha ndi madenga opanda anthu, ndipo akapezeka pamenepo anthu amati watumidwa ndi mfiti, kapena wadzalosera maliro, namuponya miyala, ana ake nawatentha.

Mkhristu alibe chifukwa choopera mbalame iliyonse, pakuti zonse zili ndi Mlengi mmodzi. Kadzidzi amabwera pakhomo chifukwa cha makoswe, ndipo wamkulu mmodzi amadya atatu kapena anayi usiku umodzi, osafuna malipiro, osasiya mankhwala oopsa kwa ana ndi nkhuku. Zoona, iye ndiye mlendo wokhalitsa: mazira ake amatenga mwezi, ana nakhala pafupifupi miyezi iwiri asanauluke, kotero kuti kumdikira nkovuta kuposa kudikira pumbwa, ndipo mlandu wake uyenera kuyesedwa ndi muyeso uja wa zinthu zitatu. Koma kumupha chifukwa cha malodza ndiko kuphatikiza zolakwa ziwiri, nkhanza ndi kukhulupirira zachabe. Mantha ndi mlonda wosadalirika, amene lero asunga mbalame ina, mawa napha inzake.

Wolipira chifundocho ndani?

Pali msampha wina umene anthu a mtima wabwino amagwamo. Mwini nyumba aona chisa, mtima numugwira, nauza aganyu kuti apite kwawo abwerenso patapita masabata awiri. Iye abwerera m'nyumba wokondwa ndi ubwino wake. Koma wonyamula njerwa uja, amene amadya za tsiku lomwelo, abwerera kwa ana ake chimanjamanja. Chifundo chotere chalipiridwa ndi mmphawi, ndipo mbiri yake yapita kwa wolemera. Buku lomwe lija la Deuteronomo, m'mutu 24, limalamula kuti wantchito wosauka alandire malipiro ake tsiku lomwelo, dzuwa lisanalowe. Amene asankha kudikira chisa, mtengo wake ausenze yekha: awapezere aganyu ntchito ina pa puloti pomwepo, kapena awapatse zimene adapangana. Kukomera mtima mbalame ndi kumana munthu ndiko kutembenuza dongosolo lija mutu pansi.

Chifundo chotsika mtengo ndi chija chochitidwa msanga. Wofuna kudula mtengo audule m'miyezi yozizira ya Meyi, Juni ndi Julayi, pamene mbalame zazing'ono zambiri sizili pa mazira; ndipo ngakhale pamenepo ayambe wayang'ana m'nthambi, pakuti njiwa zimaswa ngakhale m'chilimwe. Wodziwa kuti adzafolera mu Okutobala atseke mawindo ndi ziboo za nyumba yosatha ndi masaka mwezi wa Ogasiti, mbalame zisanayambe. Kukaniza mlendo malo asanayale mphasa kulibe mlandu. Kusamutsa chisa kawirikawiri kumalephera, chifukwa makolo amadziwa malo, ndipo chisa chikapita patali amachisiya. Kamwana kopanda nthenga kakagwa pansi kabwezedwe m'chisa mosaopa, pakuti mawu aja akuti make amakana mwana wokhudzidwa ndi munthu sali oona. Kamene kamera kale nthenga kasiyidwe pomwepo, mphaka ndi agalu nachotsedwe, popeza makolo amakadyetsa pansi pomwepo. Namzeze amabwerera ku chisa chake chakale. Wofuna kumsunga osadetsa khonde akhome kathabwa pansi pa chisacho. Ndipo woyala maziko, ngati kungatheke, asiye mtengo umodzi pa puloti, umene udzapatsa alendi ake mthunzi ndi mbalame pogona.

Kumene lamulo silifika

Maiko ena adaika nkhaniyi m'malamulo. Ku Britain lamulo la 1981 limaletsa kuphwasula dala chisa cha mbalame ya m'thengo pamene chikumangidwa kapena chikugwiritsidwa ntchito, kotero kuti omanga amayamba ayang'ana asanadule mitengo. Ku America lamulo la 1918 limateteza mbalame zambiri pamodzi ndi zisa ndi mazira ake. Malawi ali ndi lamulo la nyama za m'thengo la 1992, limene lidakhwimitsidwa m'chaka cha 2017, ndipo bungwe loteteza zachilengedwe la WESM, limene lidayamba m'chaka cha 1947, lakhala likuphunzitsa ana m'masukulu za mitundu pafupifupi 650 ya mbalame yopezeka m'dziko muno. Koma palibe msilikali wa nkhalango amene adzalowa kuseri kwa nyumba ku Nthukwa kukawerenga mazira a pumbwa. Kumeneko mlonda ndi chikumbumtima chokha.

Papa Francis, m'kalata yake ya 2015 yotchedwa Laudato Si', adakumbutsa kuti cholengedwa chilichonse chili ndi mtengo wake pamaso pa Mlengi, osati pongoyang'ana ntchito imene chimagwirira munthu. Ndipo dzina lake adalitenga kwa Francis Woyera wa ku Assisi, amene Papa John Paul II adamuika m'chaka cha 1979 kukhala nkhoswe ya osamala chilengedwe. Ziphunzitso zimenezi zimamveka zazikulu zikamawerengedwa m'tchalitchi, koma malo ake oyesedwera ndi aang'ono: pa nsanja ya mmisiri, pa mphanda ya mango, m'thumba la mnyamata wokhala ndi legeni. Pepala la puloti limapatsa munthu mphamvu pa malo ake, ndipo palibe womulanda mphamvuyo. Akatekisiti ndi atsogoleri a miphakati, pophunzitsa ana ndi akulu, angachite bwino kuwasonyeza kuti mphamvu yotere imadziwika ulemu wake pamene mwini wake atha kuiimitsa. Akhristu amene amakwera Njira ya Mtanda pa phiri la Michiru amaona pansi pawo madenga a Chilomoni akuchulukirachulukira chaka ndi chaka. Nyumba zimenezo nzofunika, ndipo zidzapitirira kumangidwa. Chimene chili m'manja mwa womanga aliyense ndicho kusankha ngati ana obadwira m'menemo adzadzuka m'mawa akumva pumbwa akulira, kapena adzangomva za iye kwa agogo awo.